Ndikufuna kutsitsa Honda Fit yanga, ndidule ma spring kapena ndigule ena?

Fit_wa_ku_49

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha amene mukuzidziwa bwino zamagalimoto mundithandize ndisanaononge ndalama. Ndili ndi Honda Fit ya 2010, ija amati GE6 ya injini ya 1.3, ndinaitanitsa ku Japan inalowera pa Songwe chaka chathachi ndipo kunena zoona sinandivutepo, mafuta imamwa pang'ono, service ndimapanga pa nthawi yake. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mpata umene uli pakati pa tayala ndi bodi, makamaka kumbuyo, chibakera changa chimalowa chonse osakhudza kanthu. Mnzanga wa kuntchito anatsitsa Swift yake nkuika ma rim a 16, ikaima pafupi ndi yanga kusiyana kumaonekeratu, yake imakhala ngati yagwira msewu pamene yanga ili m'mwamba. Komanso pa ma roundabout ndikakhota mothamangako pang'ono imapendama kwambiri mpaka ana kumbuyo amagwerana, nde ndimamva kuti ukatsitsa zimenezi zimachepa.

Loweruka ndinapita pa galaja ina, mnyamata wa pamenepo anati palibe chovuta bwana, tichotsa ma spring tidule makoilo awiriawiri ndi gilaindala, pofika 2 koloko mwanyamuka, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi. Mnzanga uja akuti ayi usadule, itanitsa ma lowering spring ku Joni abwere pa basi. Wina pa WhatsApp akuti zonsezo nzachikale, gula ma coilover, ma shock obwera ndi spring yake amene kutalika kwake kumasinthika, uzikweza ndi kutsitsa mmene ukufunira. Mutu wanga wazungulira.

Ndikufuna itsike mwina 50mm kapena 60mm kuti tayala lizibisala pang'ono. Koma ndinene za misewu yanga kuti mundiuze zoona. Ndimakhala ku 49, ntchito ku Old Town, mahampu ndimadutsa ambiri tsiku lililonse ndipo kuchoka pa tala kukafika pa geti panga pali kamsewu kafumbi kamene nthawi ya mvula kamakumbika. Pakatha mwezi kapena iwiri timapita kumudzi ku Ntchisi ine, madam ndi ana awiri, pobwera mu buti mumakhala thumba la chimanga, nthawi zina awiri, kuphatikizapo mbatata ndi mtedza. Nde kudula ndi koipadi kapena anthu amangoopseza? Ma shock amene alipowa angagwire kapena nawonso ndisinthe? Nanga ndimamva kuti galimoto yotsitsa imadya matayala mkati, zimenezi zimapeweka? Ndithandizeni chonde.

Makaniko_wa_ku_Biwi

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanadule, chifukwa spring ikadulidwa siibwereranso. Ine ma Fit, ma Vitz, ma Demio ndawatsegula osawerengeka ndipo onsewa mapangidwe ake a pansi ndi amodzi. Kutsogolo kuli strut, ndiye kuti spring yavala pa shock, kumbuyo kuli chitsulo chimodzi chopingasa chija timati torsion beam, spring payokha shock payokha. Musunge zimenezi m'mutu chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mpata umene mukuudandaulawo si wachabe ayi, ndi kumene tayala limathawirako likagunda dzenje kapena likakwera hampu. Pa ndodo ya shock pali kampira kachikasu kamene timati bump stop, ntchito yake ndi kulandira galimoto ikafika kumapeto kwenikweni kuti chitsulo chisagunde chitsulo chinzake. Pa galimoto zing'onozing'onozi mtunda wochoka pamene galimoto yaima kukafika pa kampirako ndi waufupi kale, masentimita owerengeka basi. Mukachotsapo 60mm ndiye kuti galimoto yakhalira kampirako ili chiimire, inu musanakwere, madam asanakwere, thumba la makilogalamu 50 lisanalowe mu buti. Zikatero spring ilipo koma sikugwira ntchito, shock ilipo koma ilibe poyenda, dzenje likulandiridwa ndi tayala, ma ball joint, ma top mount (mipira yomangirira strut ku bodi kumwamba) ndi msana wanu. Ndipo choopsa kwambiri si msana, ndi chakuti tayala limene lilibe kothawira limadumpha, likadumpha pokhota lasiya msewu, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota komanso siligwira buleki. Ndiye munthu anatsitsa kuti igwire msewu koma pa msewu wa mabampu ikugwira mochepa kuposa kale.

Za kudula ndikuuzeni bwinobwino. Nzoona spring ukaidula imalimba pang'ono chifukwa makoilo ogwira ntchito achepa, mwachitsanzo ngati analipo 6 nkudulapo imodzi imalimba ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Koma kulimba kumeneko sikufanana ndi mtunda umene mwataya, mwataya wambiri mwapeza zochepa, nchifukwa chake galimoto yodula imagunda pansi pafupipafupi. Chachiwiri, kumapeto kwa spring a fakitale anakupinda mwanjira yakuti ikhale bwino pa mpando wake, ukadula pamatsala nsonga yakuthwa imene imang'amba mphira nkumadya chitsulo, komanso spring imakhala mopendama. Chachitatu, ndipo ichi nchimene ine ndimakanira ntchito imeneyi ngakhale munthu abwere ndi ndalama m'manja, spring ya kumbuyo ya Fit palibe bawuti imene yaimanga. Imakhala pamenepo chifukwa yapanikizika pakati pa bodi ndi beam, ndipo chimene chimaletsa beam kutsika kwambiri ndi kutalika kwa shock. Spring ikafupika koma shock ili yomweyo, tayala likalendewera pa dzenje spring imamasuka, itha kuchoka pa mpando wake kapena kugweratu mu msewu. Pali ena sadula koma amaiwotcha ndi gasi mpaka ifiire nkukhala pansi, amenewo ndiye aipha, chitsulo cha spring chikapsa mphamvu yake yatha, imangopitiriza kutsika mbali imodzi kuposa inzake kenako tsiku lina imathyoka.

Ma lowering spring enieni anawapanga afupi koma olimba mogwirizana, ndipo ali ndi makoilo ena oyandikana amene amatambasuka tayala likalendewera kuti spring isamasuke. A ku Japan monga Tein, RS-R, Tanabe amapanga a GE6 yeniyeniyo, ndipo ku Joni galimoto yomweyi amaitcha Jazz ndiye pofunsa kumeneko muzinena Jazz ndi chaka chake. Koma ine malire anga pa misewu yathu ino ndi 30mm, ikapitirira 35mm ayi. Fit imeneyi inachoka ku fakitale ili pafupifupi 150mm kuchoka pansi, ndipo ku Japan komweko kumene misewu ili ngati tebulo lamulo lawo silola galimoto kutsika kupitirira 90mm. Inu mukachotsa 60mm mwafika pa 90mm pamenepo muli nokha, ku 49, nthawi ya mvula. Komanso mudziwe kuti thanki ya mafuta ya Fit ili pakati pansi pa mipando ya kutsogolo, sili kumbuyo ngati galimoto zina, ndipo hampu ikakana galimoto imagwira pamimba pomwepo.

Ma shock musawasiye. Ngati ali amene inabwera nawo ku Japan ndiye atopa kale, spring yolimba ikakumana ndi shock yotopa galimoto imanjanja ngati chule ndipo pakatha miyezi yochepa mudzaona mafuta akutsika m'mbali mwake. Pa 30mm ma KYB atsopano wamba amapirira, koma abwino ndi amene anawapangira ntchito imeneyi, KYB ali nawo otchedwa Lowfer Sports. Ngati ndalama sikukwanira zonse ziwiri, yambani ma shock, kupendama kumene mukunenako mwina theka lake ndi ma shock akutha.

Vitz_Ndirande

Amwene mverani madalawa, ine ndi mboni. Vitz yanga ya 2008 ndinadulitsa koilo imodzi ndi theka kutsogolo, ziwiri kumbuyo, tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri ndinajambula zithunzi mpaka kuika pa Facebook chifukwa inkaoneka bwino zedi sindinama. Sabata yoyamba ndinayamba kumva kuti gu gu kutsogolo pa kadzenje kalikonse, ndinabwerera kwa amene anadula uja akuti ndi mmene zimakhalira zizolowera, anachotsa timipira ta bump stop tija nkutaya kuti ipeze malo, phokoso linasiya masiku atatu kenako linabwera lina loposa loyamba, chitsulo pa chitsulo. Miyezi inayi isanathe ma shock onse akutsogolo anali atatayitsa mafuta ndipo top mount ya kumanja inang'ambika mpaka ndikakhotetsa chiwongolero ndimamva kuti kho.

Koma chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene ndinkatsika ku Chikwawa, pa phiri paja pokhotakhota, ndinali ndi mayi anga ndi mlongo wanga kumbuyo. Pa kona ina panali kadzenje m'mphepete, tayala la kumbuyo kumanzere linalowamo, ndinamva kuti twang ndipo galimoto inakhala pansi mbali imeneyo tayala likukhula bodi, fungo la mphira kudzaza mkati. Mwamwayi ndinali pa liwiro lochepa chifukwa cha thiraki imene inali kutsogolo. Nditaima ndinapeza spring yachoka pa mpando wake yagona chammbali, yatsala pang'ono kukanikiza paipi ya buleki. Mayi anga sanalankhule kanthu ulendo wonse, anangogwira chitenje pakamwa, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinaika moyo wawo pa chinthu chimene ndinachita chifukwa cha maonekedwe.

Matayala awiri akutsogolo nawonso anatha mkati mpaka mawaya kuonekera pamene kunja ali atsopano, ndinali ndisanapange alainimenti chifukwa palibe anandiuza. Nditawerengetsa ma shock, top mount, matayala ndi ma spring ena a salaula amene ndinagula ku Limbe kuti ndibwezeretse, ndalama yake inakwana kugula seti yabwino kawiri. Musadule amwene chonde, ndipo muli ndi ana.

Mayi_wa_Demio

Achimwene ine ndiyankhula mosiyana ndi enawa, mundikhululukire. Mwatiuza nokha kuti mumapita ku Ntchisi ndi banja lonse ndipo mumabwera ndi matumba a chimanga, nde mukutsitsiranji? Ine Demio yanga ndinachita kuikweza, anaika ma spacer pamwamba pa ma spring chifukwa ndimagulitsa zinthu ndipo ndimayenda ku Mitundu ndi ku Nsundwe kawirikawiri, isanakwere inkakhula pamimba paliponse pamene matayala a ngolo ndi mathiraki anakumba mizere iwiri nkusiya chitunda pakati. Chitunda chimenecho sichiona kuti ma spring ndi a Tein kapena odula, chimangogwira basi. Ndipo kuyambira December mpaka March mukudziwa nokha mmene madzi amaimira m'misewu ya mu Lilongwe muno, galimoto yotsika imakankha madzi ndi bampala.

Komanso madam mwawafunsa? Chifukwa amene amakhala kumbuyo ndi ana kapena amene adzatsike pa hampu iliyonse kuti galimoto idutse ndi iwowo. Ndinakwerapo ya mchimwene wanga yotsitsa tikupita ku maliro, pa mahampu a pa trading centre iliyonse ankadutsa chopingasa pang'onopang'ono ma minibus akuimba mahutala kumbuyo, ndipo titafika pa msewu wafumbi tinaisiya pa sukulu nkuyenda wapansi ndi katundu pamutu. Ngati vuto ndi maonekedwe gulani ma rim abwino a 15 ndi matayala odzaza bwino, mpata uja umaoneka wochepa ndipo galimoto imakongola osataya kalikonse. Ndi maganizo anga chabe, galimoto ndi yanu.

Golf4_ku_Joni

Ndawerenga zonse. Achemwali a Demio akunena zoona pa za kumudzi, koma sindikugwirizana nazo zoti munthu asatsitse nkomwe, 30mm yochita bwino ndi ma shock atsopano imayenda bwino kuposa galimoto ya mtunda wa fakitale imene ma shock ake anafa kalekale, ndipo ambiri kwathu akuyendera ma shock akufa osadziwa. Ine ndili ku Johannesburg chaka cha chisanu ndi chitatu tsopano ndipo kuno kutsitsa galimoto ndi chikhalidwe, ma Citi Golf aja anasiya kupanga mu 2009 ndi ma Polo Vivo amene anabwera m'malo mwake mu 2010 ukawaona Lamlungu atandandalika ena bodi ili pafupi kukhudza tala. Koma aise ambiri mwa amene amagona pansi choncho ali pa air suspension, akafuna kuyenda amadina batani galimoto imadzuka, ndiye munthu ukaona chithunzi pa Instagram usaganize kuti amayenda choncho kupita kuntchito.

Ine ndinaphunzira ndi Golf 4 yanga. Ndinaika ma coilover otchipa opanda dzina nkutsitsa mpaka kumapeto kwa ma thread, usiku wina ndinagunda chivundikiro cha manhole chimene chinatukuka pang'ono, sampu ya galimoto imeneyi, mokhala oyilo pansi pa injini, ndi ya aluminiyamu siipindika imasweka, oyilo yense anathera mu msewu ndipo chinandipulumutsa nchakuti ndinazimitsa injini nyali yofiira itangoyaka. Olakwa ndinali ine, galimoto inalibe mlandu. Pano ndili pa ma spring a Eibach Pro-Kit amene amatsitsa cha m'ma 30mm ndi ma shock a Bilstein B8 amene ndi afupi kale anawapangira ma spring otsitsa, ndinaikanso chitsulo chotchinga pansi pa injini, ndipo ndapita nayo kumudzi kudzera ku Tete kawiri osakhula paliponse kupatula podutsa ma diversion.

Za ma coilover a pa WhatsApp aja. Zoti uzikweza ndi kutsitsa mmene ukufunira zimamveka bwino koma si batani, umayenera kujeka galimoto, kuchotsa tayala, kupotokola ma ring ndi sipanala yake, kuyeza mbali zonse zinayi, kenako alainimenti yasokonekera upangenso. Palibe amachita zimenezo Lachisanu lililonse popita kumudzi. Ndipo ndi fumbi ndi matope a kwathu ma thread aja amagwirana chaka chisanathe ngati suwatsuka ndi kupaka girizi. Ma spring ake amakhala olimba kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi a fakitale, pa tala wosalala ndi zokoma, pa mabampu mano amachita kugundana. Abwino alipo, KW, Tein, BC Racing, koma mtengo wake ungagulire ma spring, ma shock ndi matayala anayi, ndipo pa ntchito imene Fit yanu imagwira simukuwafuna.

Tsopano za kudya matayala poti palibe wayankha bwino. Galimoto ya strut ikatsika matayala akutsogolo amapendamira mkati kumwamba kwake, ndiye camber imeneyo, ndipo anthu amaloza imeneyo chifukwa ndi imene imaoneka ndi maso. Koma wakuba weniweni ndi toe, ndiye kuti kumene matayala akuloza, mkati kapena kunja, ukawaona kuchokera pamwamba. Ukatsitsa, ma tie rod, ndodo zimene zimakhotetsa matayala, asintha mmene anakhalira ndipo matayala sakulozanso kutsogolo ndendende, ndiye tayala likuyenda likukhula chammbali mtunda wonse ngati ukulipala pa mwala. Camber ya digiri imodzi kapena imodzi ndi theka tayala limapirira bwinobwino bola toe ikhale pafupi ndi ziro. Pa Fit muli ndi mwayi chifukwa strut imamangidwa ku hub ndi mabawuti awiri, ndiye camber ikachuluka kapena ikasiyana mbali ziwirizi mutha kugula ma camber bolt nkukonza, ife a Golf 4 strut imalowa mu hub ngati chikho palibe posinthira. Kumbuyo pa torsion beam palibe chosintha, ndiye wina asakudyereni ndalama kuti akupanga alainimenti ya kumbuyo, angathe kungoyeza nkukuuzani ngati beam inapindika.

Chinanso chimene chimachitika ukapitirira 40mm, suzumirani pansi muone ma control arm, zitsulo za pansi zimene zimagwira matayala akutsogolo ku bodi. Pa mtunda wa fakitale amatsika pang'ono kuchoka pakati kupita ku tayala kapena amakhala chogona. Ukatsitsa kwambiri amaloza m'mwamba chaku tayala, ndipo zikatero galimoto imafuna kupendama kwambiri kuposa kale, ma spring olimba aja amangobisa, komanso ukagunda bampu chiwongolero chimakoka chokha. Ma CV joint, mfundo za ma shafiti oyendetsa matayala akutsogolo, nawonso amayenda mopindika mmene sanazolowere ndipo mabuti ake a mphira amang'ambika msanga. Ndiye 60mm imene mukufunayo ingakupatseni chithunzi chabwino koma pa roundabout paja simupindula.

Ma rim, yanu ngati ili pa 175/65 R14 ndiye mukakwera pa 15 ikani 185/55 R15, pa 16 ikani 195/45 R16, onsewa kutalika kwa tayala lonse kumafanana ndi koyamba, cha m'ma 583mm, ndiye speedometer sinama. Koma onani mphira wa m'mbali, pa 14 muli ndi pafupifupi 114mm, pa 15 ndi 102mm, pa 16 watsala 88mm, ndipo mphira umenewo ndi umene umateteza rim pa dzenje. Ine kwathu ndingasankhe 15. Mabowo a rim ndi 4x100, ndipo offset, nambala yoonetsa mmene rim yalowera mkati, isatsike kwambiri pansi pa 40 chifukwa tayala limatuluka kunja nkumakhula mlomo wa bodi mukanyamula katundu.

Fit_wa_ku_49

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mundiyankha mozama chonchi. Amwene a Vitz nkhani yanu yandigwira mtima, ndawerengera madam ndipo kudula kuja kwathera pomwepo. Achemwali a Demio, madam akuti ndikuthokozereni.

Madzulo ano ndinatenga tepi nkugona pansi pa galimoto. Ili yopanda munthu malo otsikitsitsa amene ndinapeza ndi 140mm, osati 150mm, ndiye zikuoneka kuti ma spring anakhala kale pang'ono. Kenako ndinaitana madam, ana, ndi mnyamata wa neba kuti akhale pa mpando wanga, mu buti ndinaika thumba la chimanga limene tili nalo, ndinayezanso pakati pamimba ndinapeza yatsika ndi zala ziwiri zathunthu ndipo kumbuyo mpata uja ndinkaudandaula chibakera sichinalowenso, zala zitatu zokha. Ndinaunikanso ndi tochi ya foni, shock ya kumbuyo kumanja ili yonyowa fumbi lamatirira lakuda, ya kumanzere ndi youma. Ndiye madala a ku Biwi munanena zoona.

Maganizo anga pano ndi akuti ndigule ma shock anayi ndi ma spring a 30mm, ma rim a 15 adzabwera pambuyo. Koma funso, poti yatsika kale 10mm yokha, ndikaika a 30mm ndiye kuti ifika pa 110mm kapena 120mm? Komanso pomanga pali chimene ndiyenera kuyang'anitsitsa kuti asandipangire zachidule?

Makaniko_wa_ku_Biwi

Ifika cha m'ma 120mm achimwene, chifukwa 30mm imene amalemba pa bokosi amawerengera kuchoka pa galimoto yatsopano, ndiye inu ndi maso mudzaona ngati yatsika 20mm yokha. Musakhumudwe nazo, ndi ma rim a 15 idzaoneka bwino, ndipo poti ma spring atsopanowo ndi olimba, mukakweza banja ndi thumba sidzatsika zala ziwiri ngati lero. Koma matumba awiri ndi anthu anayi pa msewu wa kumudzi ayi, limodzi lizibwera pa ulendo wina. Pogula muonetsetse kuti ndi a GE6 ya 2WD, chifukwa ilipo ya 4WD imene amati GE7 ndipo ma spring ake ndi ena.

Pomanga muimirire pomwepo. Choyamba muone ngati ali ndi spring compressor yeniyeni, mukaona akumanga spring ndi waya kapena chingwe tengani galimoto yanu muzipita, spring yopanikiza ikaphonyoka imaphwanya nkhope ya munthu. Poti strut yatseguka kale sinthani ma top mount ndi ma bearing ake, timabuti ta fumbi, ndi ma bump stop, ndipo asataye bump stop ngati anachitira kwa mnzathu wa Vitz, ngati seti yabwera ndi ake aafupi aike amenewo. Shock yonyowayo musasinthe yokha, amasinthidwa awiriawiri, koma inu mwati anayi ndiye zili bwino. Ma drop link, tindodo tolumikiza stabilizer, chitsulo chochepetsa kupendama, awagwedeze ndi dzanja, akakhala ndi mpata ndi amene amalira ngati mabelu pa msewu wafumbi ndipo anthu amanamizira ma spring atsopano.

Chimene ambiri amadumpha ndi ichi. Mabawuti onse amene adutsa mu bushi ya mphira, wa pansi pa shock ya kumbuyo, a beam, a control arm, awamasule pang'ono kenako awamange komaliza galimoto itaima pa matayala ake, osati ili m'mwamba pa jeke. Bushi ikamangidwa tayala likulendewera, galimoto ikatsika mphira uja umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo umang'ambika miyezi yochepa. Pamafunika dzenje kapena ma ramp, ngati galajayo ilibe pitani pamene pali dzenje.

Alainimenti pangani tsiku lomwelo kuti toe ibwerere, ndipo muyende sabata imodzi kapena ziwiri ma spring akhazikike mukayezetsenso pa makina a kompyuta, akupatseni pepala la manambala musunge. Nyali zakutsogolo muziyang'anenso pa khoma usiku chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo sizitsika mofanana, mungamathobwe anzanu m'maso kapena kuunika pafupi, ndipo pa COF nyali amaziona. A inshuwalansi muwauze kuti mwasintha ma spring. Ma spring akalewo musagulitse, muwamange pamodzi mulembe kutsogolo ndi kumbuyo muwasunge m'nyumba, mvula ikadzakumba kamsewu ka ku geti kwanu kuposa mmene mukuganizira kubwezeretsa ndi ntchito ya maola atatu basi.